Chikuta cha miyezi isanu

Chipale choyamba chinagwa usiku, tonse tili m'tulo. M'mawa, ndikukwera masitepe kuchokera kuchipinda changa chapansi, ndinapeza Amayi ataima pawindo la pabalaza, manja kumbuyo, ngati mmene amaimira akamayendera munda.

"Iwe, tabwera kuno. Ndani wayanika ufa pabwalo ponsepa?"

Ankadziwa bwinobwino kuti si ufa. Ankangofuna kuti tiseke, ndipo tinasekadi. Tinatuluka panja, ine n'kuwajambula zithunzi zingapo n'kuponya pa status ya WhatsApp. Pasanathe ola mauthenga anali mbwee: "Koma ndiye mukumva kukoma!" "Amayi afika kunja, musatiiwale." Tonse awiri sitinkadziwa kuti ufa umenewo udzayanulidwa mu Epulo.

Timakhala ku Winnipeg, likulu la chigawo cha Manitoba, pakatikati pa dziko la Canada. Eni ake amautchula mzindawu kuti Winterpeg, poseka kutalika kwa nyengo yake yozizira. Achemwali anga ndi alamu akhala kuno zaka zingapo, koma aka kanali koyamba kukhala m'nyumba yoima payokha, yokhala ndi bwalo lake. Ine ndinafika mu Ogasiti kudzapitiriza maphunziro, uku ndikugwira maganyu olemba nkhani za pa intaneti. Amayi anafika kumapeto kwa Okutobala kudzadikirira achemwali, omwe anali oyembekezera mwana wachiwiri.

Tisananyamuke pabwalo la ndege alamu anawapatsa chijasi chachikulu. Amayi anachiyang'ana, n'kuchipinda, n'kuchikoleka pamkono.

"Ine ndine wa ku Dedza, bambo. Za kuzizira musandiuze."

Sabata imeneyo inali ya Halloween. Pakhomo lililonse panali dzungu lalikulu logobedwa maso ndi mano. Atamva kuti mwambo ukatha maunguwo amangotayidwa, Amayi anagwira pakamwa. Mdzukulu wawo wachisamba, mtsikana wa zaka 6, anali atagobanso lake. Agogo ake anatola nthanga zonse, n'kuzitsuka, n'kuziyanika pa nyuzipepala, kenako n'kuzimanga m'kansalu. Tinawaseka. Iwo anangoti, "Mbewu sataya."

Mwana anabadwa pakati pa Novembala, wamwamuna. Amayi anachita zonse monga mwa kwathu: phala la m'mawa, madzi otentha othowera achemwali, kumusambitsa mwana mwaluso lomwe ine ndinkachita nalo mantha kuonerera. Mukudziwa kuti kwathu mayi ndi khanda amakhala m'chikuta mpaka mchombo utagwa. Ndi masiku ochepa chabe, kenako mwana amatulutsidwa, anthu n'kumuona, iye n'kuona dzuwa. Mchombo unagwadi patatha masiku khumi. Amayi anatsegula chitseko kuti aone kunja, mphepo inawamenya kumaso, n'kutsekanso.

"Tidikire kaye kufunde," anatero.

Kunafunda patatha miyezi isanu.

Disembala anatiphunzitsa kuti kuzizira kuli pawiri. Kwa ku Dedza kumakulowa pang'onopang'ono, ukaotha moto kumatha. Kwa kuno kumaluma ngati galu. Kukafika madigiri 30 pansi pa ziro, ukangopuma kamodzi ubweya wa m'mphuno umauma gwa, nsidze zimachita ayezi, foni imazima yokha batire ikadalipo. Galimoto amailumikiza kumagetsi usiku ngati akutchaja foni, kuti injini ikhale yofunda, apo ayi m'mawa siliza. Chipale chikagwa umadzuka ndi fosholo kukumba njira yochokera pakhomo kukafika kumsewu, ndipo ntchito imeneyo inagwera ine, wokhala nyumba yosalipira.

Chomwe chinawasokoneza kwambiri Amayi ndi dzuwa. Kuno tsiku lomwe kumwamba kuli mbee, dzuwa likuwala mochita kuthobwa m'maso, ndi lomwe kumazizira koposa, chifukwa mitambo ndi imene imasunga kaфundidwe ngati bulangete. Tsiku lina ataona dzuwa lotero anakayanika timalaya ta mwana panja. Atapita kukayanula anapeza tauma gwa ngati chikumba, tikuima tokha.

"Dzuwa la kuno ndi labodza," anatero. "Lili ngati wachibale wolemera. Umangomuona, osapindula naye."

Nanenso ndinalawa zanga. A zanyengo kuno amapereka manambala awiri: kuzizira kwenikweni, ndi mmene thupi likumvere mphepo ikamaomba. Nambala yachiwiriyo ikafika 40 pansi pa ziro, khungu losaphimba limatha kuwonongeka m'mphindi khumi zokha. Ine, pofuna kutchena, ndinapita kokwerera basi opanda chipewa. Basi inachedwa. Makutu anayamba kuwawa, kenako anasiya kuwawa, ine n'kumati ndazolowera. Kumeneko ndiye kunali kuopsa kwake. Madzulo anatupa, patatha masiku n'kusupuka. Alamu sananene zambiri, anangondiponyera chipewa chawo chakale n'kuti, "Safunsa anadya phula, alamu."

Komabe kuzizira kuli ndi mankhwala ake: malaya atatu kapena anayi, nsapato zokhuthala, magolovesi, ndi kusiya matama. Chomwe tinalibe nacho mankhwala ndi mdima ndi zii. Chakumapeto kwa Disembala dzuwa limatuluka cha m'ma 8:20 m'mawa, n'kulowa cha m'ma 4:30 madzulo. Alamu ankapita kuntchito kuli mdima, n'kubwerako kuli mdima. Ankawonjezera maola chifukwa bilu yofunditsira nyumba inali itakwera, kwinaku kumudzi akudikira ya feteleza ndi ya fizi. Ine ndinkatsikira kuchipinda changa ndi laputopu. Wachisamba akapita kusukulu, m'mwamba munkatsala anthu atatu: Amayi, achemwali ndi khanda.

Januwale atafika Amayi anasiya kuimba. Munthu amene amaimba akamatsuka mbale, akamasesa, ngakhale akamakalipa, anangoti duu. Tulo tawo tinatsatira munda. M'miyezi imeneyi kwathu kumakhala patsogolo ndi maola 8, ndiye anthu akamaweruka kumunda masana ku Dedza, kuno imakhala 4 koloko m'bandakucha. Ndinkawamva ali pafoni ndi amalume, akunong'ona kuti asadzutse mwana: "Mwapalira kumtunda kuja? Feteleza wachiwiri mwathira? Aganyu aja musawalipire asanamalize." Kwa zaka zonse za moyo wawo, dzinja linali nthawi yomwe thupi lawo limadziwa chochita kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Chaka chino mvula inkagwa popanda iwo, iwo ali pawindo kuyang'ana bwalo loyera.

Tsiku lina ndikumwa tiyi anandikhalira pafupi.

"Mwanawe, tikiti ija singasinthike?"

"Bwanji Amayi, mukudwala?"

"Sindikudwala. Koma kuno kulibe anthu. Nyumba ndikuziona, magalimoto ndikuwaona, utsi ukutuluka pamadenga. Nanga anthuwo ali kuti? Munthu atamwalira m'nyumba iyo, inu mungadziwe?"

Sitinadziwe kuti achemwali ali pamasitepe ndipo amva zonse. Usiku womwewo ndinawapeza kukhitchini, magetsi osayatsa, atakhala pansi atatsamira firiji.

"Amayi akapita, ine sindikwanitsa," anatero.

Kenako zonse zinakhuthuka. Sankagona ngakhale mwana atagona. Ankalira osadziwa chomwe akulirira. Ankadziona ngati mayi wolephera, ndipo ankachita manyazi kunena, poti anthu kwathu angati munthu ali ku Canada, ali ndi nyumba, mwamuna ndi ana awiri, akudandaula chiyani? Ine ndinachita manyazi anga. Sabata yomweyo ndinali nditalembera kasitomala wina nkhani ya momwe munthu angasamalire maganizo ake, koma mlongo wanga weniweni, wokhala naye denga limodzi, sindinamuone.

M'mawa mwake tinawauza alamu, ndipo anajomba kuntchito n'kupita nawo kuchipatala. Adokotala anati ndi matenda a maganizo omwe amagwira amayi ena akangobereka, kuti si ulesi kapena kusayamika, ndipo amachizika. Anawalumikiza ndi mlangizi woti azicheza naye. Anawauzanso kuti azituluka kukadali kowala tsiku lililonse, asamakhale okha, ndiponso kuti tonse tizimwa vitamini D, chifukwa m'miyezi imeneyi dzuwa la kuno limakhala lofooka moti khungu silipanga vitaminiyo, makamaka khungu lakuda ngati lathu.

Ndinkaopa kuti Amayi anena kuti zimenezo n'zachizungu, munthu angopemphera basi. Anamvetsera mpaka kumapeto, n'kukhala chete nthawi yaitali.

"Kwathu chikuta sichipweteka," anatero, "chifukwa panja pamakhala anthu. Wina akusinja, wina wabwera ndi madzi, wina akuodira, ana akusewera. Uli m'nyumba koma mudzi ukuumva. Ichi n'chikuta chopanda mudzi. Ine ndimaona ngati ndikuvutika ndekha, osadziwa kuti mwana wanga akumira pambali panga."

Za tikiti sanazitchulenso. Koma mudzi tikanautenga kuti?

Unabwera wokha, ndi chimphepo. Chakumapeto kwa Januwale kunagwa chipale usiku wonse, mphepo ikuchiunjika pakhomo mpaka kufika m'mawondo. Ndikuvala kuti ndikayambe kukumba, tinamva kulira kwa injini. Anali bambo wachikulire wa nyumba yoyandikana nayo, yemwe tinkangomuona mutu m'galimoto. Anali ndi makina ake opemerera chipale kumbali. Atamaliza pakhomo pake anapitirira mpaka pathu, n'kukonza njira yonse, n'kubwerera kwawo osagogoda n'komwe.

Amayi anaonerera zonse pawindo.

"Mwamulipira?"

"Ayi Amayi, angotithandiza."

"Ndiye munthu wakulimirani munda, inu n'kungomuyang'ana?"

Anakanda ufa, n'kukazinga mandasi odzaza beseni. Kenako, kwa nthawi yoyamba, anapempha okha chijasi chija anachikana pabwalo la ndege. Anachivala, n'kumanga chitenje pamwamba pake, n'kutenga mdzukulu wawo kuti akhale womasulira. Mtunda wake sunali wokwana n'komwe mamita 20, koma ine ndimauwerengera ngati ulendo wautali kuposa wa Lilongwe mpaka Winnipeg.

Patatha masiku awiri beseni linabwerera, ndipo silinabwerere lopanda kanthu. Analibweretsa mayi a kunyumbako, agogo a tsitsi loyera omwe makolo awo anachokera ku Ukraine, monga anthu ambiri a m'chigawo chino. Munali tizakudya ta ufa watirigu tokutira mbatata yosinja ndi tchizi, tomwe amati perogies. Amayi atalawa anakuwa: "Kachewere uyu!" Anatulutsa foni n'kuyamba kuonetsa zithunzi za munda wawo wa kachewere ku Dedza. Chizungu cha Amayi n'chongopemphera madzi, Chichewa cha agogowo kulibiretu, koma anacheza maola awiri. Mlendoyo ananyamula khanda, achemwali n'kugona tulo tamasana koyamba m'masabata ambiri.

Kuyambira pamenepo Amayi anakhazikitsa malamulo, ndipo mukudziwa kuti malamulo a mayi wa ku Dedza sakambirana. Loyamba: aliyense azituluka panja tsiku lililonse, ngakhale mphindi 15, kupatula masiku omwe a zanyengo achenjeza. Lachiwiri: chakudya chamadzulo tizidyera pamodzi, laputopu ndi mafoni zikhale kutali. Lachitatu: Lamlungu lililonse pakhomo pazibwera mlendo. Alamu anayamba kuimbira anzawo omwe ankangolemberana nawo pa gulu la WhatsApp. Kunabwera banja lina la ku Malawi, anyamata awiri a ku Chipata omwe akuphunzira kuno, ndi nesi wina wa ku Zimbabwe. Nsapato zinkadzaza pakhomo, majasi kuunjikana pabedi, Amayi ali pamphika ndi mthiko womwe anabwera nawo m'chikwama. Tinazindikira kuti pafupifupi aliyense mwa alendowo anali m'chikuta chakechake, akumaponya zithunzi zosekerera ngati zathu zija.

Mu Febuluwale tinapita nawo ku The Forks, pomwe mtsinje wa Assiniboine umathira mu Red River. Kukazizira mokwanira madzi a pamwamba amauma n'kukhala ayezi wokhuthala, ndipo amakonzapo njira yoti anthu aziyenda ndi kutsetsereka. Amayi anaima m'mphepete n'kukanitsitsa. "Pansipo pali madzi? Ndiye mukufuna ndikafere kwa eni?" Koma ataona kamwana ka zaka ngati zitatu kakudutsa, ndi agogo ena akukankha njinga ya khanda, anandigwira mkono n'kuponda. Tinayenda mpaka pakati pa mtsinje. Anaima, n'kudumpha pang'ono kuyesa ngati pali polimba.

"Jambula," anatero. "Ndikakanena kumudzi kuti ndinayenda pamwamba pa mtsinje, akati ukalamba wandiyambitsa bodza."

Malichi ndi mwezi wonyenga. Lamlungu lachiwiri la mweziwu mawotchi amasunthidwa ola limodzi kutsogolo, madzulo n'kutalika, kusiyana ndi kwathu n'kutsika kufika maola 7. Masana ena tinamva kaphokoso komwe tinali titakaiwala: tho, tho, tho, madzi akudontha kuchokera padenga. Ine ndinavula jasi, n'kubweza fosholo m'garaja, n'kulengeza kuti zatha. Patangotha masiku atatu chipale chinagwanso, chonyowa ndi cholemera kuposa cha Januwale. Ndinakhumudwa ngati mwana. Amene anandilimbitsa mtima ndi Amayi omwewo.

"Chimenechija chinali chizimalupsa," anatero. "Mlimi wanzeru sabzalira mvula yoyamba. Katenge fosholo."

Aneba athu anatifotokozera kuti kuno kusungunuka kwa chipale amakudikira ndi chimwemwe chosakaniza ndi mantha. Red River amachokera kummwera, m'dziko la United States, n'kumayenda cha kumpoto kukathira mu nyanja ya Winnipeg. Kummwerako kumayamba kufunda, madzi n'kunyamuka, pomwe kuno mtsinje ukadali wouma, ndipo dziko lake ndi lathyathyathya ngati mphasa. Mu 1950 madzi anasefukira n'kusamutsa anthu pafupifupi 100,000 mumzinda uno. Zitatero anakumba ngalande yaikulu yolambalalitsa madzi kuseri kwa mzinda, yomwe inatha mu 1968, ndipo ndi imene inapulumutsa Winnipeg pa chigumula china chachikulu cha mu 1997. Amayi atamva anagwedeza mutu. "Ndiye nawonso ali ndi Nsanje wawo," anatero. Kuyambira tsiku limenelo, nkhani za mtsinje zikayamba pa TV ankaitana mdzukulu wawo kuti awamasulire.

Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Chipale chikamasungunuka sichikongola ngati pa zithunzi. Chimada, chimasanduka phala lamatope, masana n'kuyenderera, usiku n'kuumanso kukhala ayezi woterera. Chimaulula zonse zomwe chinabisa: mapepala, zonyansa za agalu, golovesi yanga yomwe inasowa pa Khirisimasi. M'misewu mumatuluka maenje, ndipo Amayi anasangalala kwambiri kuwaona. "Kani nawonso ali nawo!" M'chipinda changa chapansi munalowa madzi pakona, ine ndi alamu n'kukesha tikukolopa. Koma palibe anadandaula kwenikweni. Atsekwe am'tchire anali atayamba kubwerera kuchokera kummwera, akudutsa m'mwamba pamzere uku akulira, ndipo anthu a mumsewu mwathu anayamba kutuluka m'nyumba, ena omwe sitinkadziwa n'komwe kuti aliko.

Sabata yatha, kumbali ya nyumba komwe kumaomba dzuwa, panaoneka kachigamba ka dothi kokula ngati lichero. Amayi anagwada, n'kutapa pang'ono, n'kununkhiza. Kenako analowa m'nyumba n'kutuluka ndi mwana, achemwali akutsatira pambuyo. Mwanayo anali atatulukapo kale popita kusikelo, koma atakutidwa ngati katundu, kuchoka m'nyumba kulowa m'galimoto. Ulendo uno agogo ake anamuvula sokosi imodzi n'kugunditsa kaphazi kake pansi. Anadzidzimuka, n'kukwinya nkhope, koma sanalire.

"Ili ndi dothi," anamuuza. "Si la kwanu, koma ndi dothi. Watuluka tsopano."

Achemwali anaseka uku misozi ikutsika. Sindinganame kuti achiriratu. Masiku ena amadzuka mtima uli wolemera, ndipo kwa mlangizi akupitabe. Kusiyana kwake n'kwakuti tsopano amanena, ndipo akanena pali anthu oposa mmodzi omwe amamva.

Nthanga zija zatuluka m'kansalu. Amayi azibzala m'timakapu ta yogati, ndipo tandandalikidwa pawindo lomwe lija ankaimapo. Zisanu zamera kale. Aneba atichenjeza kuti tisazitulutse panja lisanadutse tchuthi cha Victoria Day chakumapeto kwa Meyi, chifukwa chisanu chimatha kubwerera usiku umodzi n'kupsereza zonse. Amayi sadzakhalapo. Miyezi yawo 6 yatha, akunyamuka sabata yamawa, ndipo ku Dedza chimanga chauma, chikudikira mwini wake. Andilangiza kangapo konse: pokumba, potalikirana mapando, pothirira. Ati nkhwani woyamba tidzatendere, ndipo mbale yoyamba idzapite kwa aneba.

Kuseri kwa mpanda, komwe dzuwa silifika, kwatsala kamulu kamodzi ka chipale, kakuda ngati phulusa. M'mawa uliwonse Amayi amapita kukakaona, n'kukagogoda ndi tsache. Apikisana ndi mdzukulu wawo: iye akuti kakhalapobe Agogo akamakwera ndege, iwo akuti sachoka m'dziko muno asanaone ufa wonse utayanulidwa. Lero m'mawa ndinawapeza akukamwaza ndi fosholo kuti kasungunuke msanga. Nditawafunsa ngati kumeneko si kuba, anati ndisamale zanga.